Linux Mint 22 pa kompyuta ya banja lonse: ndi yabwino, koma disiki ya Windows musaifufute

Pa 14 Okutobala 2025 Microsoft inasiya kutumiza zigamba za chitetezo za Windows 10. Kompyuta sinafe tsiku limenelo. Imayakabe, Word imatsegukabe, ana akuoneranso makatuni monga kale. Chimene chinasintha n'chakuti bowo lililonse latsopano limene akuba a pa intaneti angalitulukire silidzatsekedwanso, pokhapokha mutalembetsa m'ndondomeko ya Microsoft yopitiriza kutumiza zigamba, yotchedwa ESU, imene mu 2025 inalengezedwa kuti kwa anthu a m'makomo iwonjezera chaka chimodzi, mpaka 13 Okutobala 2026. Njira imene Microsoft ikuloza ndi Windows 11, koma Windows 11 imasankha alendo: ikufuna TPM 2.0 (kachipangizo ka chitetezo ka m'kati mwa makina), Secure Boot (chitetezo cha poyatsa kompyuta), ndi purosesa ya Intel ya m'badwo wa 8 kupita m'tsogolo, kapena AMD Ryzen 2000 kupita m'tsogolo. Makina ambiri a m'makomo mwathu ndi aja anayamba agwira ntchito m'maofesi a kunja, monga HP EliteDesk 800 G2, Dell OptiPlex 7040 kapena ThinkPad T460, onsewa a m'badwo wa 6. Mphamvu ali nazo zokwanira, koma Windows 11 imawabweza pakhomo.

Apa ndi pamene dzina la Linux Mint limatulukira. Ndi sisitimu yaulere yoyendetsa kompyuta m'malo mwa Windows, imene Clément Lefèbvre anaiyambitsa mu 2006. Mint 22 inatuluka mu Julayi 2024, 22.1 mu Januwale 2025, 22.2 mu Seputembala 2025, ndipo zonsezi zamangidwa pa mtundu wina wa Linux wotchedwa Ubuntu 24.04 ndipo zizilandira zigamba mpaka 2029. Eni ake amati imafuna RAM ya 2GB ndi disiki ya 20GB, koma amalangiza 4GB ndi 100GB. Tinene mosabisa kuti 4GB ndi poyambira chabe. Mukatsegula masamba khumi mu Chrome, 8GB ndi imene imapumitsa mtima. Ilipo m'mitundu itatu, Cinnamon, MATE ndi Xfce. Ya banja ndi Cinnamon, chifukwa batani la menyu lili pansi kumanzere, wotchi pansi kumanja, mafoda amatseguka podina kawiri, moti agogo amene anazolowera Windows 7 sasochera. Xfce isiyireni makina a RAM yochepa kwambiri.

Munthu akakhala yekha pa laputopu yake, kusintha sisitimu ndi nkhani ya iye ndi mtima wake. Pa kompyuta ya pabalaza nkhani ndi ina. Pali bambo amene amalemba malipoti a mpingo mu Word, mayi amene amasunga mabuku a gulu la banki m'khonde mu Excel, mwana wa Fomu 3 amene ali ndi ntchito ya kusukulu, wamng'ono amene amangofuna masewera, ndi pulinta imene aliyense amaiyembekezera kugwira ntchito osafunsa. Amene waganiza zosintha ndi mmodzi, koma amene adzagamule ngati kusinthako kwatheka ndi uja amene chinthu chake chakana kutseguka Lamlungu usiku. N'chifukwa chake chiweruzo chathu pa Mint chili ndi mbali ziwiri: sisitimuyo ndi yabwino kwambiri, koma njira yoikira imene installer yake, pulogalamu yoika Mint m'kompyuta, imaika patsogolo si yabwino kwa banja.

Njira imene tikulangiza ndi yogula SSD (disiki yachangu yosazungulira) yatsopano ya SATA ya mainchesi 2.5, ya 240GB kapena 256GB, n'kuchotsa disiki yakale, n'kuika Mint pa yatsopanoyo. Disiki ya Windows ikhale m'kabati momwe ilili. Zikavuta, kubwerera ndi nkhani ya masikulu anayi ndi mphindi khumi. Phindu lachiwiri n'lakuti ngati makinawo anali pa hard disk yozungulira ija, SSD yokha imasintha liwiro kuposa china chilichonse. Ndipo tisanamizane: anthu ambiri amene amatama Linux kuti yadzutsa kompyuta yakufa anasintha disiki tsiku lomwelo, theka la ulemuwo ndi la SSD.

Musanagwire sikulu draiva, pali zinthu zoti zichitike mu Windows. Choyamba ndi BitLocker, loko ya Windows yokhoma disiki. Makina ena amabisa okha zonse za pa disiki munthu akalowa ndi akaunti ya Microsoft, mwini wake osadziwa n'komwe. Tsegulani Command Prompt ngati administrator, lembani manage-bde -status. Mukapeza kuti disiki ndi yokhomedwa, tengani kiyi yake ya manambala 48 ku account.microsoft.com/devices/recoverykey, muilembe papepala, kapena muzimitse BitLocker n'kudikira imalize kumasula. Kungosintha za Secure Boot mu BIOS, zokonza za makina zimene mumalowamo poyatsa Windows isanayambe, kungachititse Windows kufunsa kiyi imeneyi, ndipo popanda kiyiyo zithunzi za ukwati zapita. Chachiwiri ndi Fast Startup. Windows ikamati yazima, kwenikweni imangogona tulo, ndipo disiki imakhala ngati ikadali m'manja mwake. Mint ikapeza disiki yotere imalola kuwerenga kokha, kulembapo imakana. Zimitsani mu Control Panel, Power Options, Choose what the power buttons do, chotsani chizindikiro pa Turn on fast startup.

Chachitatu ndi chimene chimaliza anthu ambiri: OneDrive. Fayilo imene ili ndi kachizindikiro ka mtambo mulibe pa disiki, ndi dzina lokha, thupi lake lili pa intaneti. Mukadzalumikiza disiki yakale ku Mint mudzapeza mayina opanda kanthu m'kati. Dinani kumanja pa foda ya OneDrive, sankhani Always keep on this device, dikirani zizindikiro zonse zibiriwire, kenako kopani. Chitani zimenezi pa akaunti ya munthu aliyense, osati yanu yokha. N'chimodzimodzi mapasiwedi osungidwa mu Chrome kapena Edge: aliyense atulutse ake kapena ayatse sync, chifukwa Windows imawamanga ku akaunti ya munthuyo, ndipo kukopa foda ya browser sikuwasamutsa. Musaiwale Desktop ndi Downloads. M'mabanja ambiri zinthu zofunika kwambiri zimagona mu Downloads, pakati pa nyimbo ndi malisiti.

Fayilo ya Mint ndi ya pafupifupi 3GB, ndiye gulani bandulo yokwanira kapena dikirani yausiku. Itengeni pa linuxmint.com pokha, ndipo muiyese ngati yafika yathunthu ndi yosasinthidwa. Mu Windows lembani certutil -hashfile, dzina la fayilo, kenako SHA256, n'kufananitsa zotulukazo ndi zimene zili mu sha256sum.txt ya patsamba lawo. Izi si zamwambo chabe. Mu Febuluwale 2016 tsamba la Mint linathyoledwa ndipo kwa kanthawi linkaloza anthu ku fayilo yosinthidwa. Koma chimene chimachitika kawirikawiri n'chaching'ono: netiweki inaduka pakati, fayilo n'kukhala yopereŵera, installer n'kufa ili pakati pa ntchito popanda kufotokoza chifukwa. Fayiloyo ilembeni pa fulashi ya 8GB ndi pulogalamu ya Rufus kapena balenaEtcher. Zonse za pa fulashiyo zifufutika. Poyatsa kompyuta dinani F9 pa HP, F12 pa Dell ndi Lenovo, kuti musankhe fulashi.

Chinthu chabwino koposa pa Mint n'chakuti imayaka yonse kuchokera pa fulashi osakhudza disiki. Ola loyesera limeneli ndi lamtengo wapatali, musalithamangire. Lumikizani Wi-Fi. Imbani nyimbo mumve ngati mawu akutuluka. Yesani kamera ndi maikolofoni. Lumikizani foni ndi chingwe muone ngati zithunzi zikuoneka. Sindikizani tsamba limodzi, sikanani limodzi. Kenako itanani aliyense wa m'nyumba atsegule fayilo yake yovuta kwambiri, osati kalata ya ndime imodzi, koma ija ya matebulo ndi chidindo cha sukulu pamwamba. Chimene chakana pano sichidzachira chokha mukamaliza kuika.

Kuika kwenikweniko ndi mphindi 15 kapena 20 pa SSD. Chongani bokosi la Install multimedia codecs, apo ayi mavidiyo ena sadzaseweredwa. Ngati Secure Boot ndi yoyaka, mudzafunsidwa kupanga pasiwedi ya kanthawi. Poyakanso padzabwera sikirini ya buluu yolembedwa za MOK, ndipo ambiri amadina Continue boot mwamantha. Sankhani Enroll MOK, lembani pasiwedi ija kamodzi, basi. Mukaphonya apa, madalaiva ena, timapulogalamu toyendetsa zipangizo, monga a NVIDIA ndi Broadcom, amaoneka ngati aikidwa koma osagwira ntchito. Installer ikapanda kuona disiki n'komwe, kaŵirikaŵiri BIOS ili pa RAID kapena Intel RST m'malo mwa AHCI, zimene ndi njira zolumikizirana ndi disiki. Pa SSD yatsopano ingosinthani. Koma kumbukirani kubwezera mukadzabwezera disiki ya Windows, chifukwa Windows yoikidwa pa RST ikapeza AHCI imafa ndi sikirini ya buluu.

Nanga kusunga zonse ziŵiri pa disiki imodzi, kumasankha poyatsa? Installer imapereka njira imeneyi, Install alongside Windows, ndipo imagwiradi ntchito. Sitikuilangiza pa banja. Menyu yosankhira imangodikira masekondi 10, ndipo mwana akayatsa n'kupita kukatunga madzi amapeza kompyuta yalowa kolakwika. Mafayilo amabalalika, lipoti lili mbali ina, zithunzi zake mbali ina. Wotchi ya Windows imayamba kutsalira maola aŵiri, chifukwa Linux imasunga nthawi ya UTC (nthawi ya dziko lonse) m'makina pomwe Windows imaiwerenga ngati nthawi ya kwanuko, ndipo Malawi, Zambia, Mozambique ndi Zimbabwe ali maola aŵiri patsogolo pa UTC. Mankhwala ake ndi kulemba timedatectl set-local-rtc 1 mu Terminal, pulogalamu ya Mint yolembamo malamulo. Ndipo mu Ogasiti 2024 chigamba china cha Windows chinachititsa makina ambiri a sisitimu ziŵiri kukana kuyatsa Linux, akungolemba za SBAT. Ngati Windows ikufunikabe tsiku ndi tsiku, pa desktop ikani madisiki aŵiri, iliyonse ndi sisitimu yake, muzisankha ndi F9 kapena F12. Poika Mint zulani kaye chingwe cha disiki ya Windows, chifukwa installer ili ndi chizolowezi choika mafayilo ake oyatsira pa disiki yoyamba imene yaipeza, ngakhale mwailozera ina.

Wi-Fi ikakana mutamaliza, makamaka pa malaputopu akale a HP ndi Dell okhala ndi kachipangizo ka Broadcom, lumikizani foni ya Android ndi chingwe, yatsani USB tethering, tsegulani Driver Manager, ikani dalaiva amene akulangizidwa, yatsaninso. Timaadaputa ta Wi-Fi totchipa ta USB ndi ta mwayi: tina timagwira pompo, tina timafuna ntchito imene munthu wamba sangaipirire.

Pa nkhani ya maakaunti Mint imachita bwino kuposa momwe mabanja ambiri amagwiritsira ntchito Windows, kumene nyumba yonse imalowa ndi akaunti imodzi ya administrator. Mu Users and Groups pangani akaunti ya aliyense. Administrator akhale mmodzi kapena aŵiri, ena onse Standard. Wa Standard sangaike pulogalamu m'sisitimu kapena kufufuta za ena popanda pasiwedi ya wamkulu, ndipo foda ya munthu wina siitseguka kwa mnzake. Apa ndiye kutha kwa timapulogalamu tachilendo timene timangomera m'kompyuta ana akatsala okha. Achikulire aŵiri adziŵe pasiwedi ya administrator. Mmodzi akapita kumudzi kumaliro, nyumba isaime. Kwa alendo ndi ana a aneba, mu Login Window muli poyatsira Guest session, imene imafufuta zonse mlendo akatuluka. Kulowa popanda pasiwedi musakuyatse: kuwonjezera pa kutsegulira aliyense, Chrome imayamba kufunsa pasiwedi ya keyring, mosungira mapasiwedi mu Mint, nthawi zonse, anthu n'kumaganiza kuti ndi vayirasi.

Pamene Mint yaperewera ndi foda ya banja lonse. Windows ili ndi Public, imene aliyense amaikamo ndi kutengamo. Mint ilibe batani la zimenezi, muyenera kulowa mu Terminal. Lembani sudo groupadd banja, kenako sudo mkdir /home/banja, kenako sudo chgrp banja /home/banja, kenako sudo chmod 2770 /home/banja. Munthu aliyense mumulowetse ndi sudo usermod -aG banja ndi dzina la akaunti yake, ndipo atuluke n'kulowanso. Nambala 2 yoyambirira ija imachititsa kuti fayilo yatsopano iliyonse ikhale ya gululo. Msampha ulipo: fayilo yoisuntha ndi Cut kuchokera mu foda ya munthu imabwera ndi umwini wake wakale, ena n'kulephera kuisintha. Aphunzitseni kukopa m'malo mosuntha. Kwa sisitimu imene imadzitama kuti ndi ya anthu wamba, izi zinayenera kukhala za kudina kamodzi.

Kuperewera kwachiŵiri ndi kuyang'anira ana. Microsoft Family Safety, imene imaika malire a maola n'kutumiza lipoti ku foni ya kholo, ilibe mnzake mu Mint. Chimene chilipo ndi Timekpr-nExT, yoika padera. Imalola kunena kuti akaunti yakuti ili ndi maola aŵiri patsiku, kuyambira 4 koloko masana mpaka 7 usiku, Loweruka maola anayi, ndipo nthawi ikatha imachenjeza n'kumutulutsa. Imagwira bwino ntchito, ngakhale maonekedwe ake ndi a anthu a ukadaulo. Zotseka masamba oipa ilibe. Njira yachidule ndi kusintha DNS, seva yolozera mayina a masamba, pa rauta kapena pa MiFi kukhala 1.1.1.3 ya Cloudflare, imene imatseka masamba olaula ndi a mavayirasi pa zipangizo zonse za m'nyumba. Mwana wochenjera wa sekondale akhoza kuizemba, ndipo kompyuta yoyang'ana pabalaza imathandizabe kuposa zonsezi.

Kusinthana anthu osatseka ntchito ya wina, Switch User, kulipo, koma pa RAM ya 4GB anthu aŵiri olowa nthawi imodzi, aliyense ndi Chrome yake, amaigwetsa kompyuta m'matope. Lamulo la m'nyumba likhale Log Out.

Tsopano Word ndi Excel, pamene mikangano yambiri imabadwira. Microsoft Office siikidwa pa Mint. M'malo mwake mumabwera LibreOffice, imene imatsegula ndi kusunga docx, xlsx ndi pptx. Pa makalata, ma CV, mindandanda ya ndalama ndi masamu wamba a mu Excel imakwanira bwino lomwe. Vuto loyamba ndi zilembo. Fayilo yolembedwa mu Calibri ikatsegulidwa pamene palibe Calibri, mizere imasuntha, tsamba limodzi n'kukhala limodzi ndi theka, siginecha n'kugwera patsamba lachiŵiri yokha. Ikani fonts-crosextra-carlito ndi fonts-crosextra-caladea, zilembo zofanana muyeso ndi Calibri ndi Cambria, komanso ttf-mscorefonts-installer imene imabweretsa Times New Roman ndi Arial zenizeni. Vuto lachiŵiri n'lakuti LibreOffice imasunga mu odt, mtundu wakewake wa fayilo, pokhapokha mutaiuza zina, ndipo mphunzitsi kapena abwana akalandira odt pa foni amangoti fayilo sikutseguka. Pitani ku Tools, Options, Load/Save, General, musinthe Always save as kukhala docx pa zolemba ndi xlsx pa matebulo. Izi zimasungidwa pa akaunti iliyonse payokha, ndiye muzibwereze kwa onse a m'nyumba. Chopita kwa munthu wongowerenga chizipita ngati PDF. Batani lake lili pamwamba pomwe.

Pali malire amene zigamba sizifika. Mafayilo a Excel odzaza ma macro, timapulogalamu ta m'kati mwa fayilo, nthawi zina amayenda, nthawi zina ayi. Access ndi Publisher zilibe zolowa m'malo zofanana nazo kwenikweni, ndipo mwana amene kusukulu akuyesedwa pa mapulogalamu amenewo ayenera kuzolowera enieniwo, mabatani ake pamene ali. Word ndi Excel za pa browser zilipo zaulere ndi akaunti ya Microsoft, koma zimadya bandulo ndipo netiweki ikapita nazonso zapita. Photoshop, CorelDRAW, QuickBooks ya pa kompyuta ndi iTunes palibe. GIMP ndi Inkscape ndi zamphamvu, koma amene amadyera CorelDRAW popanga makadi a ukwati ndi zikwangwani musamuuze kuti ndi chimodzimodzi. Ngati m'nyumba muli munthu wotere, kompyutayo isasinthidwe, kapena ikhale ya madisiki aŵiri.

Kwa olemba Chichewa muli kamphatso kakang'ono. Chilembo cha ŵ, chimene mu Windows chimafuna kusakasaka, mu Mint chimatuluka mukadina Ctrl, Shift ndi U pamodzi, n'kulemba 0175, n'kudina Enter. Kapena mu zokonza za Keyboard sankhani batani limodzi, monga Alt ya kumanja, likhale Compose. Mukatero Compose, kenako ^, kenako w, zimapereka ŵ mu pulogalamu iliyonse.

Mapulinta ndi nkhani ya mtundu. Atsopano a Wi-Fi, amene amasindikiza kuchokera pa foni popanda kuika kanthu, Mint imawapeza yokha m'masekondi ochepa, mosavuta kuposa Windows. A HP ambiri amayenda kudzera mu HPLIP, madalaiva a HP a pa Linux, koma akale otchuka aja, LaserJet 1020 ndi P1102, amafuna kachidutswa kowonjezera. Popanda iko pulinta imaoneka pa mndandanda, ntchito imatumizidwa, pepala osatuluka. Lembani hp-plugin -i muli pa intaneti. A Epson a matanki a inki amafuna printer-driver-escpr, ndipo sikana ya ena a USB imafuna pulogalamu yotenga patsamba la Epson. Canon LBP2900, imene yadzaza m'maofesi ang'onoang'ono, ndi mutu woŵaŵa: dalaiva wake wa Linux ndi wakale ndipo amadalira kapulogalamu kapadera kamene kakapanda kudzuka pulinta imangokhala chete. Ngati nyumba imadalira pulinta imeneyi, iyeseni kaye musanalonjeze aliyense kanthu.

Zina zonse za tsiku ndi tsiku n'zosavuta. Firefox imabwera kale. Chrome, Zoom, VLC, Telegram ndi Spotify zili ndi mitundu ya Linux. WhatsApp ya pa kompyuta palibe, koma pulogalamu ya Web Apps imasandutsa WhatsApp Web kukhala ndi chizindikiro chake mu menyu, aliyense ndi yake pa akaunti yake. Warpinator imatumiza mafayilo pakati pa makina a pa Wi-Fi imodzi osadya bandulo. Masewera ndiye afunseni ana musanayambe, chifukwa iwo sadzakhululuka. Minecraft ya Java imayenda, masewera ambiri a pa Steam amayenda kudzera mu Proton, imene imayendetsa masewera a Windows pa Linux, koma Fortnite ndi Valorant siziyenda chifukwa cha mapulogalamu ake oletsa chinyengo, ndipo Roblox ilibe mtundu wovomerezeka wa Linux.

Pa mavayirasi a pa fulashi Mint imawala. Vayirasi ija imene imabisa mafoda n'kusiya ma shortcut, yobwera nayo kuchokera kosindikizitsa mapepala m'tauni, siyenda pa Linux. Mukalowetsa fulashi yodwala mumaona zonse poyera: mafoda enieni amene anabisidwa, ndi timafayilo ta lnk, vbs ndi exe tachilendo pambali pake. Kopani zanu, fomatani fulashi. Koma Mint sichotsa tizilomboto yokha. Mukatisiya, fulashiyo ikapatsira Windows yotsatira. Ndipo palibe sisitimu imene imateteza munthu amene walemba PIN yake ya ndalama za pa foni patsamba labodza.

Update Manager ndi chifukwa china chokondera Mint pa intaneti yogula ndi bandulo. Siitenga zigamba mwakachetechete, siizimitsa kompyuta munthu ali pakati pa ntchito. Kachishango ka pansi kumanja kamangosonyeza kuti zilipo, ndipo mumaona kukula kwa chilichonse musanavomere. Kuipa kwake n'komweko: pakapanda wina wodina, miyezi imatha osaika zigamba, ndiye mwathawa Windows yopanda zigamba n'kudzipangira Linux yopanda zigamba. Sankhani tsiku limodzi pa sabata, kapena yatsani zodziika zokha mu Preferences ngati intaneti ndi yosawerengera. Mu Software Sources sankhani seva yapafupi. Pulogalamuyo imayesa liwiro yokha, ndipo kuno za ku South Africa nthawi zambiri zimakhala pamwamba. Chenjerani ndi Flatpak, njira ina yoikira mapulogalamu, mu Software Manager. Pulogalamu imodzi imatha kupezeka kaŵiri, ya System Package ndi ya Flatpak, ndipo ya Flatpak yoyamba imakoka ma MB mazanamazana a zinthu zoidalira. Werengani kukula kwake musanadine Install.

Timeshift iyatseni tsiku loyamba. Imajambula sisitimu momwe ilili, kuti chigamba chikasokoneza zinthu mubwerere dzulo. Kusunga zithunzi ziŵiri za sabata ndi chimodzi cha mwezi n'kokwanira. Mukasiya zambiri pa SSD ya 120GB imadzaza, ndipo disiki ikadzaziratu Mint imakana kulowetsa munthu, kumangobwerera pa sikirini ya pasiwedi. Dziŵaninso kuti Timeshift siisunga zolemba ndi zithunzi za anthu. Zimenezo zikopereni pa disiki yakunja, ndi Backup Tool kapena pamanja.

Magetsi akathima kompyuta ili mkati mwa ntchito, ext4, njira yosungira mafayilo pa disiki imene Mint imagwiritsa ntchito, nthawi zambiri imadzikonza yokha poyaka. Nthawi zina imaima pa sikirini yakuda yolembedwa initramfs, ndipo apa ndi pamene banja limagamula kuti Linux yapha kompyuta. Siinafe. Pamwamba pa mawuwo pamatchulidwa gawo lovulala, mwachitsanzo /dev/sda2. Lembani fsck -y /dev/sda2, dikirani imalize, lembani reboot. Magetsi akathima pakati pa kuika zigamba, Update Manager imadandaula. Kulemba sudo dpkg --configure -a mu Terminal kumamaliza zimene zinatsala panjira. Mizere iŵiriyi ilembeni pa kapepala, mumate m'mbali mwa kompyuta. Pa desktop, UPS (batire yogwirizira magetsi akathima) yaing'ono ya 650VA imapereka mphindi zochepa zokwanira kusunga ntchito ndi kuzimitsa bwino, ndipo zigamba musaziyambe pamene ndandanda ya ESCOM ikuti dera lanu latsala pang'ono kuzimitsidwa.

Ena adzafunsa za kukakamiza Windows 11 pa makina osavomerezeka, poti Rufus ili ndi bokosi lodumphira TPM. Zimatheka, ndipo kwa nyumba yomangika pa Office kapena CorelDRAW mwina n'zomveka kuposa Mint. Koma Microsoft inanena poyera kuti makina otere sakulonjezedwa zigamba, ndipo mtundu waukulu watsopano ukatuluka kaŵirikaŵiri umafuna kuikidwa pamanja. Wina m'nyumbamo ayenera kukhala wokonzeka kubwereza ntchitoyo.

Kwa nyumba imene ntchito yake ndi browser, makalata, matebulo wamba, mavidiyo, Zoom ndi homuweki, pa makina a m'badwo wa 4 mpaka 7 okhala ndi SSD ndi RAM ya 8GB, Mint 22 Cinnamon tikuipatsa 8 pa 10. Imodzi yachoka chifukwa cha foda ya banja ndi kuyang'anira ana, zimene zimafuna Terminal ndi pulogalamu yapadera. Ina chifukwa cha mapulinta akale. Disiki ya Windows ikhale m'kabati teremu yathunthu ya sukulu, chifukwa zinthu zina zimakumbukika mochedwa: fomu ya pachaka, satifiketi yosungidwa mu foda yachilendo, pulogalamu imene bambo amaitsegula kamodzi pa miyezi itatu. Ikulungeni m'kathumba kamene SSD inabweramo, mulembepo tsiku, dzina la kompyuta, ndi mawu akuti AHCI kapena RST monga BIOS inalili. Kabokosi ka USB koikamo disiki ya mainchesi 2.5 kadzakuthandizani kutengamo mafayilo osatsegulanso makina. Ya desktop ya mainchesi 3.5 imafuna kabokosi kokhala ndi adaputa yakeyake ya 12V.